Musanapopere, katembenuzeni: kazindikiridwe ka kachilombo ka Nabis m'dimba

Funso ili landifika kambirimbiri, makamaka nyemba ndi khobwe zikayamba maluwa. Munthu amatumiza chithunzi pa WhatsApp, chosaoneka bwino, cha kachilombo kotuwa kowonda katakhala pa tsamba, pansi pake n'kulemba kuti, "Bambo, kodi aka ndi kamene kakundithera nyemba? Ndipopere chiyani?" Ena amachita kubwera nako m'pepala la shuga kataphwanyika kale. Kuyankha aliyense payekha kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kuti wofunsa ndizingomulozera.

Kawirikawiri kachilomboko kamakhala ka fuko la Nabis, ndipo sikadya mbewu. Chakudya chake ndi tizilombo tinzake: nsabwe za m'masamba, mazira a agulugufe a usiku, timbozi tongoswa kumene, ndi tina tofewa tomwe kangathe kutigonjetsa. Kamakagwira ndi miyendo yakutsogolo, kukabaya ndi mlomo, kuthiramo malovu ofooketsa, kenako n'kuyamwa zam'kati mpaka kutsala khungu lokha. Chovuta n'choti m'munda momwemo mumakhala tizilombo tina towonda, totuwa chimodzimodzi, tomwe timaboola zitheba ndi makoko a nandolo. Mukangoona pamsana simungasiyanitse. Ndiye chifukwa chake sindiyankha chithunzi cha pamsana chokha. Amene mukufuna kufufuza pa intaneti m'Chingerezi lembani damsel bug, koma muno ndizingoti Nabis.

Konzani izi: beseni loyera kapena thumba la ufa lotembenuza, kabotolo koonekera m'kati ka chivindikiro, pepala lapulasitiki loonekera, rula, pensulo, nthenga ya nkhuku yokankhira kachilombo, ndi galasi lokulitsa zinthu ka 10. Galasi lomwe amaika pa diso anyamata okonza mawotchi ndi mafoni ku Limbe limagwira bwino ntchitoyi. Kamera ya foni imathandiza, koma pa sitepe yachinayi imakanika nthawi zambiri.

1. Kagwireni kamoyo, osakafinya.

Nabis amakonda zomera zazifupi: nyemba, khobwe, soya, mtedza, thonje, tomato, ndi udzu wa m'mbali mwa munda. Kuno ku Blantyre yambani ndi madimba a m'mbali mwa Mudi, Likhubula ndi Lunzu, kapena udzu wautali wa m'malire a minda ku Chileka ndi ku Machinjiri. Dzuwa likaswa mtengo kamabisala pansi pa masamba, ndiye pitani kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo. Ikani beseni pansi pa mbewu, gwedezani mbewuyo mwamphamvu kawiri katatu, muone zomwe zagwa. Kachikulire kamauluka, choncho kakangogwera m'beseni kavundikireni ndi kabotolo.

M'udzu beseni silithandiza, pamafunika ukonde. Pindani waya wokhuthala kukhala mkombero, mumangirire ku mtengo wa tsache, musokerepo thumba la pilo lakale. Musadule neti ya udzudzu. Ili ndi mankhwala omwe amapha zomwe mwagwirazo, komanso imang'ambika ikangokodwa m'chisoso. Yendani pang'onopang'ono mukukupiza ukondewo uku ndi uku pamwamba pa udzu ka 20, kenako finyani kukamwa kwa thumba ndi dzanja musanasuzumiremo. Nthawi ya mvula muthanso kungoyang'ana pakhoma pafupi ndi getsi la pakhonde usiku, chifukwa ena amabwera okha.

Ambiri amalakwitsa poika zonse zomwe agwira m'botolo limodzi. Pofika kunyumba zina zadyedwa, ndipo Nabis akasowa chakudya amadya ndi mnzake yemwe. Kachilombo kalikonse kakhale ndi botolo lakelake.

2. Kaziziritseni kuti kakhale phee.

Ikani kabotolo m'firiji, mbali ya ndiwo zamasamba, kwa mphindi 5 mpaka 10. Mbali youndanitsa madzi imapha. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi azima, lowetsani kachilomboko m'pepala lapulasitiki loonekera, muliyale patebulo, mulikoke mbali zonse kuti kapanikizike pang'ono koma osaphwanyika. Ubwino wa pepalali ndi woti mumangolitembenuza n'kuona kumimba popanda kukakhudza.

3. Yezani, muone thupi lonse.

Kuchokera kumutu mpaka kunsonga ya mapiko, osawerengera tinyanga, Nabis wachikulire amakhala pakati pa mamilimita 6 ndi 12, ndipo amene timamuona kwambiri kuno amasewera pa 7 mpaka 10. Chopitirira mamilimita 12 chikayikireni. Mtundu wake ndi wa udzu wouma, nthawi zina wotuwirako, ndipo kawirikawiri pamakhala kamzere kakuda kodutsa pakati pa mutu n'kutsikira pamsana pa chifuwa. Mutu ndi wautali, wosongoka, maso otuzuka m'mbali. Chifuwa chimayamba chopapatiza kukhosi n'kumakula kumbuyo. Tinyanga ndi titalititali, topyapyala, ta mfundo zinayi. Mapiko amagona pamsana mopingasana, theka la kutsogolo lokhuthalirapo, theka la kumapeto lopyapyala loonekera.

Zonsezi zikagwirizana musasangalale msanga. Mwangotsimikiza kuti kachilomboko kali m'gulu lalikulu lomwe muli abwenzi ndi adani omwe.

4. Katembenuzeni, muyang'ane mlomo. Apa ndiye pagona nkhani.

Malangizo ambiri amadumpha sitepeyi chifukwa ndi yovuta kujambula, koma popanda iyo zina zonse ndi zongoganizira. Tizilombo ta m'gululi tilibe nsagwada zotafunira. Tili ndi mlomo woyamwira womwe umachokera kutsogolo kwa mutu n'kupindikira pansi, kuloza kumbuyo pakati pa miyendo. Kapangidwe ka mlomowo ndi kamene kamaulula chomwe kachilomboko kamadya.

Gonekani kachilombo cham'mbali, osati chagada kaye. Galasi liikeni pafupi ndi diso lanu, ndipo muzisuntha pepala lomwe muli kachilombolo kubwera kwa inu mpaka chithunzi chitaoneka bwino. Ambiri amachita zosemphana: amagwira galasi patali n'kumaliyendetsa, kenako amati galasi ndi lachabe. Kuwala kuchokere m'mbali, kaya pawindo kaya tochi ya foni ya mnzanu. Kumbuyo kwa kachilombo kukhale pepala loyera.

Choyamba onani ngati pali mpata pakati pa mlomo ndi kunsi kwa mutu. Mlomo wa Nabis umatuluka kutsogolo, n'kupinda mokhotera pansi, kusiya kampata komwe kuwala kumadutsa. Ndi wopyapyala, wa mfundo zinayi, ndipo nsonga yake imadutsa pakati pa miyendo yakutsogolo n'kukafika cha pamene pamera miyendo yapakati. Mfundo yoyamba, ya kufupi ndi mutu, ndi yaifupi kwambiri moti anthu amaiphonya n'kuwerenga zitatu. Mukawerenga zitatu, bwerezani kuyambira pomwe mlomo walumikizana ndi mutu.

Tizilombo toyamwa mbewu mlomo wake ndi wowongoka, ndipo umamatirira kunsi kwa mutu ndi chifuwa osasiya mpata. Ukayang'ana cham'mbali umaoneka ngati palibe mlomo n'komwe. Mukaona chonchi, chomwe mwagwiracho si Nabis, ndipo mwina ndiye mdani mukumufunayo.

Tsono pali gulu lachitatu, ndipo ndi limene limasokoneza ngakhale ophunzira. Banja la Reduviidae nalonso limadya tizilombo, nalonso lili ndi mlomo wokhota wosiya mpata. Kusiyana kwake ndi uku: mlomo wawo ndi waufupi, wonenepa, umaoneka wa mfundo zitatu, ndipo sudutsa miyendo yakutsogolo. Apa ndiye mukagoneke chagada. Pakati pa miyendo iwiri yakutsogolo, pachifuwa, a Reduviidae ali ndi kangalande ka timizere topingasa, ndipo nsonga ya mlomo imapumira m'menemo. Akakhumudwa amakhuta mlomo m'kangalandemo n'kutulutsa kaphokoso kochepa kwambiri, komwe mungakamve mutaika botolo pakhutu. Nabis alibe kangalandeka. Pachifuwa pake mlomo umangodutsa pamwamba kupita kumbuyo. Chinanso, mutu wa Reduviidae umaning'a kumbuyo kwa maso kukhala ngati uli ndi khosi lalitali, ndipo ambiri amakhala ndi mzere wolowa wopingasa pakati pa maso.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira kusiyanitsa awiriwa pomwe onse ndi abwenzi a mlimi? Chifukwa cha zala zanu. Nabis mukamupanikiza amatha kukubayani, kumayabwa pang'ono basi. Reduviidae wamkulu, monga a fuko la Rhynocoris omwe amapezeka m'thonje ndi m'nandolo, akakubayani mumataya botolo, ndipo chala chimatha kutupa. Ana asamatole ndi manja.

Nthawi zina mlomo umabisika ndi miyendo yomwe yapindikira pachifuwa. Musakoke miyendo ndi zala, imathothoka. Lowetsani nsonga ya nthenga kapena singano pakati pa mutu ndi mwendo, mukankhire mwendowo kunja pang'onopang'ono. Ngati kachilombo kafa ndipo kauma, kaikeni m'kabotolo momwe muli thonje lonyowa usiku umodzi, mawa kadzakhala katafewa. Kofinyidwa ndi chala sikawerengeka, kagwireni kena.

Amene mulibiretu galasi, pali njira yochedwa koma yosanama. Thyolani tsamba la mpiru kapena khobwe lodzaza nsabwe, muliike m'botolo limodzi ndi kachilombo kanuko, mutseke ndi kansalu. Siyani pamthunzi. Nabis wanjala amayenda mwakachetechete pa miyendo yake yaitaliyo, tinyanga tili kutsogolo, kenako amatambasula mlomo, n'kubaya nsabwe imodzi. Mudzaiona nsabweyo ili lendee kunsonga ya mlomo, ikufota pang'onopang'ono, iye ataima osasuntha. Woyamwa mbewu nsabwezo sazilabadira, amakazika mlomo m'mtsempha wa tsamba. Dziwani kuti Nabis naye nthawi zina amalasa tsamba kuti amwe madzi, koma sizifika poononga mbewu, choncho musamuweruze pa mphindi imodzi.

5. Bwererani pamsana: mapiko ndi timaso ta pamutu.

Yang'anani theka loonekera la phiko, kumapeto kwenikweni. Pa Nabis pali mitsempha ingapo yoyenda m'litali kupanga tizipinda titalititali pakati, ndipo kuchokera pamenepo timitsempha tambiri tifupitifupi timathamangira m'mphepete, kupanga mndandanda wa tizipinda ting'onoting'ono kuzungulira nsonga, ngati mpendero wa nsalu. Kuti muone bwino lowetsani kapepala koyera pansi pa phiko.

Banja la Miridae ndi lomwe limafanana kwambiri ndi Nabis pa kukula ndi kufewa kwa thupi, ndipo muli adani odziwika: Helopeltis, amene amasautsa tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi ena oyamwa maluwa a thonje. A Miridae ali ndi kachigawo ka ngodya zitatu kumapeto kwa theka lokhuthala la phiko, kolekanitsidwa ndi kamng'alu, komwe akatswiri amati cuneus. Pamenepo phiko limathyokera pansi, moti kachilombo kamaoneka kowerama kumbuyo. Theka loonekera lili ndi kachipinda kamodzi kapena tiwiri basi. Nabis alibe cuneus, msana wake ndi wowongoka mpaka kumapeto. Helopeltis yekha savuta: ali ndi kamsomali koimirira pamsana ndi tinyanga totalika kuposa thupi.

Kenako onani pamwamba pa mutu, kumbuyo kwa maso aakulu. Nabis wa mapiko athunthu ali ndi timaso tina tiwiri tonyezimira, totchedwa ocelli. A Miridae omwe mungawapeze m'munda alibe.

Banja la Alydidae nalo limabweretsa madandaulo kwa olima nandolo ndi khobwe, kuyambira ku Lirangwe mpaka ku Mpemba. Riptortus ndi Mirperus ndi a m'banjali. Mutu wawo ndi wotambalala pafupifupi kufanana ndi chifuwa, ntchafu za miyendo yakumbuyo ndi zonenepa zaminga, ndipo theka loonekera la phiko ladzaza mitsempha yambirimbiri yoyenda mondondozana. Mukawagwira amasiya fungo loipa m'manja, la mtundu wa nunkhadala. Fungo lamphamvu chotero likhale chenjezo kuti mwagwira china.

6. Miyendo yakutsogolo.

Ntchafu zakutsogolo za Nabis ndi zonenepa pang'ono kuposa zinazo, kunsi kwake kuli ubweya wowirira, ndipo kunsonga kwa mwendo, chakufupi ndi phazi, kuli kaphaphati kofewa kothandiza kugwira nyama yoterera. Miyendoyi siipindika kwambiri ngati ya chiswamphika. Chenjerani ndi tizilombo toyamwa njere, monga Elasmolomus amene amadzaza pa milu ya mtedza woyanika. Nato tili ndi ntchafu zakutsogolo zonenepa, koma zaminga ikuluikulu, mlomo wake ndi womatirira, ndipo phiko lili ndi mitsempha inayi kapena isanu yokha.

7. Musaiwale ana.

Yaikazi imabaya tsinde lofewa n'kuikira mazira m'kati, limodzilimodzi motsatana, kunja n'kumangooneka tizivindikiro toyera. Ana akaswa amafanana ndi makolo awo, kungoti alibe mapiko. Amafundula kasanu, ndipo pa kufundula kulikonse timapiko timakulirakulira pamsana. Kukatentha, kuchokera pa dzira kufika pa wachikulire pamatenga pafupifupi mwezi. Pa ana sitepe yachisanu sigwira ntchito chifukwa mapiko ndi timaso ta pamutu sizinakhwime, ndiye dalirani mlomo. Ana a Alydidae amafanana kwambiri ndi nyerere zikuluzikulu zakuda, ndipo mukawaona pa makoko a nandolo dziwani kuti akuyamwa.

8. Kaikeni pamalo pake m'kaundula wa zamoyo.

Akatswiri amasanja zamoyo m'magulu, mabanja, mafuko ndi mitundu. Nabis ali m'gulu la Hemiptera, limodzi ndi nsabwe za m'masamba, nyenje, nunkhadala ndi nsikidzi. M'kati mwake ali m'chigawo cha Heteroptera, cha mapiko a theka lokhuthala theka lopyapyala aja, ndipo akalowanso m'kati ali mu Cimicomorpha, momwe mulinso Miridae, Reduviidae ndi nsikidzi. Inde, nsikidzi ndi mbale wake. Carl Linnaeus polemba mtundu wa ku Ulaya mu 1758 anautcha Cimex ferus, kuuika m'fuko limodzi ndi nsikidzi ya pamphasa. Pierre André Latreille wa ku France ndiye anakhazikitsa fuko la Nabis mu 1802, ndipo mtundu uja lero ndi Nabis ferus. Dzina la banja, Nabidae, linachokera kwa Achille Costa wa ku Italy mu 1853. Akatswiri akale ankawaphatikiza ndi Reduviidae, ndiye mukasokonezeka pa sitepe yachinayi musadzione wopepera.

Banjali lili ndi mitundu 400 kapena 500, malinga ndi katswiri amene wawerenga, ndipo limagawika pawiri. Mbali ya Nabinae ndi ya otuwa owonda aja, okhala ndi kakolala koonekera bwino kutsogolo kwa chifuwa, kuseri kwa mutu. Muli Nabis, Himacerus, Stenonabis, Arbela ndi Gorpis. Mbali ya Prostemmatinae ndi ya ojintcha, onyezimira, akuda osakaniza kufiira kapena chikasu, a ntchafu zakutsogolo zonenepa kwambiri. Awa amasaka pansi, m'zinyalala ndi pansi pa miyala, ndipo amakonda kudya tizilombo toyamwa njere. Mafuko ake ndi monga Prostemma, Alloeorhynchus ndi Phorticus. Mukafukula mapesi ophimbira nthaka n'kuona kachilombo kakuda kofiira kakuthamanga, mlomo wokhota koma kopanda kangalande pachifuwa, mwina mwapeza wa mbali imeneyi.

Izi zikutanthauza kuti masitepe a m'mwambamu akufikitsani pa banja la Nabidae motsimikiza. Kuti ndi fuko la Nabis mumatsimikiza pophatikiza mtundu wotuwawo, kakolala, ndi miyendo yakutsogolo yopanda minga italiitali. Gorpis, mwachitsanzo, mfundo yoyamba ya mwendo wakutsogolo, yolumikizana ndi chifuwa, ndi yaitali moonekeratu, pomwe ya Nabis ndi yaifupi.

9. Dzina la mtundu: apa chepetsani liwiro.

Fuko la Nabis lili pafupifupi padziko lonse, koma mitundu yambiri ili kumaiko ozizira a kumpoto, ku Ulaya, kumpoto kwa Asia ndi ku North America, komwe Nabis americoferus ndi Nabis alternatus amadziwika m'minda ya soya ndi thonje. Zilumba za Hawaii nazo zili ndi mitundu yambiri yosapezeka kwina kulikonse. Kumaiko ozizirako ambiri amakhala ndi mapiko aafupi osafika kumapeto kwa mimba, ndipo sauluka.

Kuno kotentha, dzina lomwe mudzakumane nalo kwambiri ndi Nabis capsiformis. Ernst Friedrich Germar wa ku Germany ndiye analilemba mu 1838, kuchokera ku tizilombo togwidwa ku South Africa. Ndi wowonda kuposa anzake, woyererako, wonyezimira pang'ono, ndipo mapiko ake amapitirira mimba ndithu. Amauluka mtunda wautali motengedwa ndi mphepo, n'chifukwa chake wafalikira mu Africa, kum'mwera kwa Ulaya, kum'mwera kwa Asia, ndi madera otentha a America. M'mabuku ena mudzapeza atalemba Tropiconabis capsiformis. Ndi kachilombo komweko. Izyaslav Kerzhner wa ku Russia, amene anafufuza za banjali kwa zaka zambiri, anakhazikitsa dzina la Tropiconabis mu 1968, ndipo ena amalitenga ngati fuko palokha pomwe ambiri lero amaliika ngati kagawo ka m'kati mwa Nabis. Mayina a Dolichonabis ndi Nabicula ali ndi mbiri yofananayo.

Kodi ndiye kalikonse kotuwa ka mapiko aatali kogwidwa ku Chigumula ndi capsiformis? Mwayi ndi waukulu, koma musalembe motsimikiza. Ku Australia anthu anakhala zaka zambiri akutchula wa m'minda yawo ya thonje kuti capsiformis, mpaka zinadziwika kuti ndi mtundu wina, Nabis kinbergii. Kunja amafanana kwambiri. Chomwe chimasiyanitsa mitundu ya Nabis ndi ziwalo zoberekera za yaimuna.

Choncho phunzirani kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi. Gonekani chagada, muone kumapeto kwa mimba. Yaikazi mimba yake ndi yotambalalirapo, yosongoka kumapeto, ndipo pakati pali mzere wautali wong'ambika momwe mumabisala chobayira mazira. Yaimuna mimba ndi yowonda, kumapeto kuli kabokosi kobulungira, ndipo mbali zonse ziwiri za kabokosiko kuli kachiwalo kolimba kathyathyathya kokhota, kotchedwa paramere. Ndi galasi la ka 10 mudzangoona kuti kalipo. Kuti muone maonekedwe ake enieni, omwe amasiyana mtundu ndi mtundu, pamafunika maikulosikopu ndi zojambula za akatswiri zoyerekezera. Ophunzira a sekondale ndi a ku koleji amene mukulemba lipoti, ngati simunaone paramere lembani Nabis sp. basi, kutanthauza kuti fuko mwalidziwa koma mtundu simunautsimikize. Mphunzitsi wodziwa ntchito sangakuchotsereni malikisi pa zimenezo. Mapulogalamu a pafoni ozindikira tizilombo amapereka dzina la mtundu molimba mtima, kawirikawiri la ku Ulaya kapena ku America chifukwa zithunzi zambiri zomwe anaphunzirirapo ndi za kumeneko. Akakuuzani kuti m'dimba lanu ku Chilomoni muli Nabis ferus, musakhulupirire.

10. Sungani, ndipo lembani chizindikiro.

Ngati mukufuna kuti wina akatsimikize, sungani aamuna awiri kapena atatu mu spiriti woyera wa 70 peresenti wa ku famase. Spiriti wa mtundu wofiirira uja amadetsa kachilombo, ndipo kachasu mphamvu yake siidziwika, ena amaoletsa. Dulani kapepala, mulembe ndi pensulo malo, tsiku, mbewu yomwe munakapezapo ndi dzina lanu, mukaponye m'botolo momwemo. Inki ya bolopeni imasungunuka mu spiriti, ndipo chizindikiro chomata kunja chimagwa. Botolo lopanda malo ndi tsiku palibe katswiri angaligwiritse ntchito.

Mukamajambula, tengani zithunzi zitatu: pamsana pali rula pambali, cham'mbali mlomo ukuoneka, ndi kumapeto kwa mimba chagada. Zimenezi mungazionetse alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kapena kuziika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti la zithunzi za zamoyo, pomwe odziwa banjali amatha kuziona. Malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe ku Thyolo ali pafupi nafe, ndipo a Makoka ku Zomba ndi omwe amadziwika ndi kafukufuku wa thonje.

11. Tsopano ganizirani za sipuleya.

Ndisakunamizeni, Nabis yekha sangapulumutse munda. Mbozi yaikulu ya ntchemberezandonda yomwe yalowa kale mu mtima wa chimanga sangaithe. Mphamvu yake ili pa mazira, timbozi ta masiku oyambirira ndi nsabwe zisanachuluke, ndipo amagwira ntchitoyo pamodzi ndi akangaude, tizikumbu todya nsabwe ndi mavu ang'onoang'ono. Mankhwala opha chilichonse, monga cypermethrin ndi dimethoate, amapha onsewa. Nsabwe zimabereka ana amoyo popanda yaimuna, ndipo mwana amayamba kubereka patangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, pomwe Nabis amafuna mwezi. Ndiye mukapopera munda wonse chifukwa choona kachilombo kotuwa, pakatha masabata awiri nsabwe zimabwerera zochuluka, wozidya palibe.

Musanasungunule mankhwala, gwedezerani m'beseni mbewu 10 za m'malo osiyanasiyana m'mundamo, muwerenge adani ndi abwenzi padera. Ngati nsabwe zili pa mizere iwiri yokha ya m'mphepete, poperani mizere iwiriyo, ndipo yambani ndi madzi a sopo kapena a nimu. Ngati adani ndi a Alydidae pa nandolo, m'mawa kukuzizira amakhala ofooka, mungathe kuwagwedezera m'chidebe cha madzi a sopo pa munda waung'ono. Mukakolola nyemba kapena khobwe, mapesi ake musawatenthe nthawi yomweyo chifukwa m'matsinde muli mazira. Aunjikeni m'mbali mwa munda kwa masabata awiri kuti ana aswe n'kusamukira ku udzu, ndipo kamzere ka udzu wa m'malire kasiyeni osalima mpaka mbewu ina itamera.